Chikasu cha pa chithunzi changa: ER ndi mitochondria zakhudzanadi?

aTembo, Chipata
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandiimitsa mutu sabata yonse. Ena mukudziwa kuti kafukufuku wanga wa masters ndi wa aflatoxin, poizoni wa chuku uja amene amalowa mu nsawa ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino. Mwezi watha ndinali ku Lusaka, ndinapatsidwa masiku atatu okha pa confocal, maikulosikopu ya laser. Maselo ndi HepG2, a chiwindi. Ena ndinawathira aflatoxin B1 kwa maola 24, ena DMSO yokha, mankhwala osungunulira poizoniyo, kuti akhale oyerekezera. Mitochondria, tiziwalo topanga mphamvu m'selo, ndinaipaka utoto wofiira wa MitoTracker Red. ER (endoplasmic reticulum), ukonde wa timachubu wa m'selo, ndinaipaka wobiriwira wa ER-Tracker Green.

Pa zithunzi, maselo omwe analandira poizoni ali ndi chikasu chambiri, makamaka mozungulira nucleus. Ndayeza ndi Coloc 2 mu Fiji, pulogalamu yoyezera zithunzi. Manders, nambala yosonyeza kuchuluka kwa kufiira ndi kubiriwira komwe kwagwera pamodzi, wakwera ndithu, p-value ndi yosiririka. Ondiyang'anira akuti ndilembe kuti aflatoxin imachulukitsa malo omwe ER ndi mitochondria zimakhudzana. Mtima wanga ukukana, koma mawu okanira ndilibe. Ndalama yotsala ndi ya ulendo umodzi wokha wa ku Lusaka. Ndagwira njakata.

aZulu
Mtima wanuwo ukunena zoona achimwene. Chikasu chimangotanthauza kuti kuwala kofiira ndi kobiriwira kwagwera pa pikiselo imodzi, basi. Pamalo okhudzana enieni, pamene khungu la ER ndi khungu lakunja la mitochondria zagwiriziridwa ndi mapuloteni, mpata wake ndi nanomita 10 mpaka 30, pena kupitirirako pang'ono. Confocal, lens yake ikome chotani, siingalekanitse tinthu tiwiri totalikirana pochepera nanomita 200 kapena 250 cham'mbali. Chakuya, mu z, ndiye zinthu zimaipiratu, 500 kupita m'mwamba. Malire amenewa Ernst Abbe anawalemba mu 1873, ndipo sadzasuntha chifukwa choti ife nthawi yatithera.

Mukaime usiku pa Great East Road, pamalo owongoka, galimoto ikubwera chapatali. Nyali zake ziwiri mumaziona ngati imodzi mpaka kuganiza kuti ndi njinga yamoto. Nyalizo sizinagundane, maso ndi amene alephera.

Tumizani zithunzi zoyambirira pa Drive. Osati muno, muno zimafinyidwa.

aTembo
Ndatumiza akulu. Muone foda yolembedwa kuti tsiku 2.

aNaphiri
Pepani ndilowerere ine wa choko. M'mabuku omwe ndimaphunzitsira ana a sekondale, tiziwalo ta m'selo timajambulidwa titatalikirana, kalikonse pakepake ngati matemba mu msuzi. Chaka ndi chaka ndimajambula choncho pa bolodi. Ndiye kukhudzana mukunenaku nkwa chiyani? Zimalumikizana nkukhala chinthu chimodzi?

Amayi Nambewe, Katete
Ayi mwana wanga, sizisungunukirana. Chilichonse chimakhala ndi khungu lakelake, koma pali mapuloteni omwe amagwira uku ndi uku ngati mbalo pa nsichi, mpata nkukhala wochepa zedi. Buku lanulo linanama pofuna kuti chithunzi chioneke bwino. Selo ndi lothithikana.

Nkhaniyi ndi yakale kuposa ine. Mu 1956 Bernhard ndi Rouiller anaona pa electron microscope kuti m'chiwindi cha khoswe ER imamatirira mitochondria. Kwa zaka zambiri anthu sanalabadire kwenikweni, ena ankati ndi mankhwala oumitsira maselo amene akukwinyitsa zinthu. Mu 1990 Jean Vance ku Canada anapatula mitochondria ya chiwindi cha khoswe, napeza kuti pali kachigawo ka ER komwe kamatsalira komweko, ndipo kali ndi ma enzyme opanga mafuta a khungu la selo. Ndi komwe kunachokera dzina loti MAM (mitochondria-associated membrane). Mafuta otchedwa phosphatidylserine amapangidwa mu ER, nkuwolokera ku mitochondria, komwe amasinthidwa kukhala phosphatidylethanolamine. Mafuta sasambira m'madzi, ndiye powolokera pafunika kukhala pafupi.

China ndi kashiamu. Khomo lolowetsa kashiamu mkati mwa mitochondria ndi logontha, silitseguka ndi kashiamu wochepa wa m'selo monse. Koma ER ikatulutsa kashiamu kudzera pa khomo lake la IP3R pakamwa penipeni pa VDAC, khomo la pa khungu lakunja la mitochondria, puloteni ya GRP75 itagwira ziwirizi pamodzi, pamalo pamenepo kashiamu amachuluka mokwanira. Rizzuto ndi anzake mu 1998 anaonetsa zimenezi m'maselo a HeLa amoyo, ndipo anayerekeza kuti gawo la 5 mpaka 20 pa 100 la khungu la mitochondria limakhala moyandikana ndi ER. Mu 2011 labu ya Gia Voeltz inaonetsanso kuti pamene mitochondria ikufuna kuduka pawiri, kachingwe ka ER kamayamba kazenga pamalopo, ngati luzi pa mtolo wa udzu.

Ndiye funso la aTembo si lopusa. Kashiamu akasefukira mu mitochondria selo limafa, ndipo poizoni wa chiwindi angathe kudutsa njira imeneyo. Vuto ndi umboni umene ali nawo m'manja.

aNaphiri
Zikomo amayi. Matemba anga aja ndikawafufuta Lolemba.

aZulu
Ndaona zithunzi. aTembo, ndikufunseni kaye: zomwe munayeza ndi kagawo kamodzi ka z kapena munaphatikiza zonse?

aTembo
Ndinachita maximum projection, kuti zioneke zowala bwino.

aZulu
Ndiye pamenepo. Mwatenga selo lonse kuyambira pansi mpaka pamwamba nkuliponda kukhala chikondamoyo. Kachingwe ka ER kodutsa pamwamba ndi mitochondria yogona pansi, zotalikirana mwina ma micron atatu, zagwera pa pikiselo imodzi nkusanduka chikasu. Imeneyo yokha ndi yokwanira kutaya nambala zonse zija.

Koma pali chachikulu. Yang'anani maselo anu awiriwo popanda kuganiza za mtundu. A DMSO ndi otambasuka, mitochondria yake ndi yaitali, yafalikira mpaka m'mphepete. A poizoni akhwinyata, aulungika, mitochondria yaduka tizidutswa ndipo yaunjikana pa nucleus. Pamenepo ndi pomwe ER imakhala yothinana kale, ndipo selo ndi lochindikala. Ku msika wa Kapata Loweruka m'mawa anthu amapanikizana phewa ndi phewa, koma palibe amene angati onsewo ndi pachibale. Inu mwayeza kupanikizana. HepG2 nayo ili ndi khalidwe lomera mounjikana, selo pamwamba pa linzake, si maselo ophwatalala ngati COS-7 omwe anthu a zithunzi zokongola amakonda.

Musanawononge ngwee iliyonse, chitani izi pa laputopu. Bwererani ku mafayilo oyambirira, mutenge kagawo kamodzi ka z. Sankhani malo kutali ndi nucleus, m'mphepete momwe selo ndi lopyapyala. Threshold, malire olekanitsira kuwala ndi mdima, musaike ndi maso, gwiritsani ya Costes kapena lamulo limodzi pa zithunzi zonse. Kenako dulani kabokosi ka mbali zinayi zofanana mkati mwa cytoplasm, mutembenuze channel imodzi madigiri 90, muyezenso Manders. Mukatero mwasokoneza ubale wonse weniweni, chotsala ndi chikasu changozi. Ngati nambala yangozi nayonso ndi yokwera m'maselo a poizoni, mwapeza yankho. Kabokosiko kakhale mkati mwa selo, mukatembenuza chithunzi chonse ndi malo opanda kanthu omwe mudzadzinamiza mbali inayo. Muyezenso kukula kwa selo lililonse, ndi gawo lomwe mitochondria ndi ER zadzaza.

Funso lomaliza: p-value yosiririka ija, n yake, chiwerengero cha zomwe munayeza, ndi chiyani?

aTembo
Maselo onse omwe ndinajambula. Koma mbale zinali ziwiri, tsiku limodzi.

aZulu
Ndiye mwayesa kamodzi. Maselo a m'mbale imodzi ndi ana a nyumba imodzi, adya nsima imodzi, sangakhale mboni zosiyana.

aSakala, Petauke
Ine ndine wa ng'ombe, za Fiji ndisiyira aZulu. Koma aflatoxin ndimaidziwa chifukwa cha gaga ndi zakudya za ziweto. B wa mu B1 amaimira mtundu wa buluu, chifukwa imawala buluu pa nyali ya UV. Ngati munapakanso utoto wabuluu wa Hoechst kapena DAPI pa nucleus, samalani ndi channel imeneyo. Komanso maselo odwala amawala okha, makamaka cha kobiriwira. Munajambulako maselo a poizoni osapakidwa utoto uliwonse? Nanga opakidwa utoto umodzi okha, kuti muone ngati wobiriwira ukudontha kulowa mu channel yofiira?

China, MitoTracker Red imalowa mu mitochondria chifukwa cha mphamvu ya magetsi ya pa khungu lamkati. Poizoni akafooketsa mphamvu imeneyo utoto umalowa wochepa, wina nkumangoyandama mu cytoplasm. Munthu ukaona chithunzi chazimirira umakweza gain, yowalitsira chithunzi pa makina, osaganiza, ndiye kufiira kwa mbuu kuja kumagwera paliponse pomwe pali ER.

aTembo
Gain ndinakwezadi pa maselo a poizoni. Osapaka utoto ndinajambula ochepa tsiku lomaliza, ndikawayang'ana. Manyazi andigwira akuluakulu.

Amayi Nambewe
Manyazi a chiyani? Mverani iyi. Mu 2008 de Brito ndi Scorrano analemba kuti puloteni ya mitofusin 2 ndi imene imamanga ER ku mitochondria, ndipo umboni wina unali wa confocal ngati wanuwu: akaichotsa, chikasu chimachepa. Mu 2012 Cosson ndi anzake anayang'ana maselo opanda mitofusin 2 pa electron microscope, napeza kuti malo okhudzana achuluka, osati kuchepa. Mu 2015 Filadi ndi anzake anagwirizana ndi Cosson, nati kusintha kwa maonekedwe a mitochondria ndi selo ndi komwe kunasokoneza muyeso wa confocal. A mbali inayo anayankha ndi njira zina, ndipo mkanganowo unatenga zaka. Amenewo ndi akatakwe a ku Padova ndi Geneva, okhala ndi makina onse. Ndiye inu mwagwa m'dzenje lomwe akuluakulu anakanganirapo, simuli nokha.

aSakala
Ndiwonjezere kamodzi. Aflatoxin B1 payokha si imene imaluma, chiwindi chimaisandutsa epoxide kudzera mu CYP1A2 ndi CYP3A4. HepG2 ili ndi ma enzyme amenewa ochepa kwambiri poyerekeza ndi maselo enieni a chiwindi. Ndiye anthu amathira poizoni wambiri kuti aone kanthu, maselo nkuyamba kufa. Selo lomwe likufa limasintha chilichonse. Pezani mlingo womwe maselo akadali amoyo ndi otambasuka, kapena muyang'ane msanga, maola 6 m'malo mwa 24.

aBanda
Moni nonse, kuno kwangocha kumene. aTembo, iwalani za Manders, zimenezo ndi zakale. Masiku ano timagwiritsa split-GFP. GFP, puloteni yowala mobiriwira, imadulidwa pawiri, chidutswa chimodzi chimaikidwa pa ER, china pa khungu lakunja la mitochondria. Zikayandikana zimagwirana nkuwala, zikatalikirana kuli zii. Ya SPLICS yomwe inatuluka mu 2018 ili mitundu iwiri, yaifupi ya nanomita 8 mpaka 10 ndi yaitali ya 40 mpaka 50. Mumangowerenga timadontho. Palinso FRET, yomwe imagwira pochepera nanomita 10, pali BRET ya MERLIN yomwe mumawerenga pa plate reader popanda maikulosikopu, ndipo ngati mukufuna kudziwa mapuloteni omwe ali pamalopo pali split-TurboID ya labu ya Alice Ting. Mukapeza maikulosikopu ya STED kapena SIM, yoona tinthu tating'ono kuposa confocal, ndiye bwino koposa.

aZulu
Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthuyu ali ndi ulendo umodzi wa basi. Plasmid, kamkombero ka DNA konyamula zidutswazo, aiitanitse, mapepala asainidwe, ifike, aikulitse m'mabakiteriya, kenako alimbane ndi HepG2 yomwe imakana transfection, kulowetsedwa kwa plasmid, ngati bulu pa mlatho. Chaka chatha. TurboID ndiye ifuna mass spectrometry pamwamba pake.

Amayi Nambewe
Ndipo si ndalama zokha. Zidutswa ziwiri za GFP zikagwirana sizilekananso. Ndiye chida chanu choyezera chasanduka chingwe, chikumanga ER ku mitochondria pomwe zikanangodutsana. Mukachulukitsa plasmid timadontho timachuluka, osati chifukwa cha poizoni koma chifukwa cha inu. Nchifukwa chake ena anapanga ddFP yomwe imagwirana nkulekana, koma ndi yozimirira. Sindikunyoza njirayi aBanda, ndi yabwino m'manja mwa munthu wodziwa mlingo wake. Koma nayonso ili ndi bodza lakelake, monga zonse.

aBanda
Mwandigwira amayi, kusalekanako nkoona, ndipo mwa maselo ena kumasintha maonekedwe a mitochondria. Ndiye ndibweze mawu. Kwa aTembo yomwe ingatheke ndi PLA (proximity ligation assay), njira yoonetsa ngati mapuloteni awiri ayandikana. Maselo oumitsidwa ndi paraformaldehyde, ma antibody awiri ochokera ku nyama zosiyana, mwachitsanzo wa kalulu pa IP3R1 ndi wa mbewa pa VDAC1. Ma antibody achiwiri amanyamula tizingwe ta DNA. Akayandikana pochepera nanomita 40 tizingweto timalumikizidwa kukhala mkombero, polymerase nkuuchulukitsa mpaka kadontho kowala kaoneka. Simusintha chibadwa cha selo, ndipo simufuna confocal, maikulosikopu wamba ya fluorescence yokhala ndi kamera imakwana. Pa maselo a chiwindi njira ya IP3R ndi VDAC1 imeneyi inagwiritsidwa kale ntchito, Tubbs ndi anzake mu 2014.

aNaphiri
Nanga ma maikulosikopu a LED aja oyezera makhololo a TB, omwe ali m'zipatala zambiri kuno, sangathandize? Amawalitsa zobiriwira.

aZulu
Ganizo labwino asisi, koma fyuluta yake inapangidwira auramine, ambiri alibe kamera, ndipo alibe channel ya nucleus yoti muwerengere maselo. Komanso pamzere pali odwala. Tiwasiye.

Za PLA ndikuvomera koma ndi machenjezo. Kadontho kakutanthauza kuti ma antibody awiri ayandikana, sikakunena kutalika kwa malo okhudzana kapena kukula kwa mpata. Poizoni akachulukitsa VDAC1 kapena IP3R1, timadontho tichuluka ngakhale ER isanasunthe, ndiye pafunika western blot pambali. Pafunikanso silaidi yomwe mwasiya antibody mmodzi dala, kuti muone timadontho tabodza. Ndipo selo likakhwinyata vuto la ku Kapata lija limabweranso, ngakhale pang'ono. Muwerenge timadontho pa selo lililonse komanso pa kukula kwa cytoplasm.

Kit yake ndi yodula, ndipo ligase ndi polymerase zimafuna -20. Ndi momwe magetsi amazimira, musayerekeze kuisunga mu fuliji ya kunyumba kapena kuyenda nayo makilomita opitirira 550 pa basi, kutentha kwa pa Luangwa kuja. Ifikire ku Lusaka, igwire ntchito komweko.

Amayi Nambewe
Tsopano ndilankhule za ntchito yanga yakale. Chokhacho chomwe chimaona makungu awiriwo ndi mpata wapakati ndi electron microscope (EM). Ndipo chodabwitsa nchoti kwa munthu wosauka nthawi zina ndi yotchipa kuposa kit, chifukwa inu ntchito yanu ndi kuumitsa maselo bwino, zotsalazo amachita a labu ya EM. Ndili ndi mnzanga ku South Africa yemwe angadule mabuloko ochepa ngati mapepala otumizira zitsanzo kunja ali m'malo. Yambani kufunsa za chilolezo lero, chimachedwa kuposa sayansi yake.

Kaumitsidwe ndi komwe anthu amaphera ntchito. Glutaraldehyde 2.5 pa 100, ya EM grade, botolo lotsegulidwa tsiku lomwelo, mu buffer ya cacodylate kapena phosphate ya 0.1 M. Muthire m'mbale momwemo maselo akadali omatirira ndi ofunda. Musayambe ndi trypsin, musayambe ndi kupala, musawasiye pa benchi akuzizira inu mukufunafuna pipette. Mphindi zochepa zopanda mpweya wabwino mitochondria imatupa, ndipo mudzayeza kuchedwa kwanu m'malo mwa poizoni. Akalimba ndi mankhwalawo ndi pomwe mupale, muzungulitse kuti akhale kambulu, musunge mu buffer pa madigiri 4. Osaika mu freezer, madzi oundana amang'amba makungu onse. Osmium asiyireni a ku EM, nthunzi yake imawononga maso.

Iwo adzadula magawo a nanomita 60 mpaka 80. Zithunzi zikabwera, ntchito ibwerera kwa inu ndi Fiji. Pa mitochondria iliyonse jambulani mzere kuzungulira khungu lakunja, mulembe kutalika kwake. Kenako yezani kutalika kwa mbali yomwe ER ili mkati mwa nanomita 30. Gawani, mupeza gawo la khungu lomwe lakhudzana. Musawerenge kuti malo angati pa mitochondria imodzi nkulekera pomwepo, chifukwa yanu yaduka tizidutswa, nambala ya mitochondria yasintha, ndipo chiwerengerocho chidzakusokeretsani. Mpatawo muulembenso pawokha, pamalo atatu kapena anayi m'litali mwake, chifukwa poizoni angathe kufinya mpata osatalikitsa malo. Ndipo mulekanitse ER yosalala ndi ya ma ribosome. Csordás ndi anzake mu 2006 anaona ndi tomography kuti tizingwe togwira ER yosalala ndi ta nanomita pafupifupi 10, ta ER ya ma ribosome pafupifupi 25. Nzomveka, ribosome payokha ndi yopitirira nanomita 20, iyenera kupeza pokhala. HepG2 ili ndi ER ya ma ribosome yambiri, ndiye malire a 30 aja musankhe musanaone zithunzi, ndipo muwalembe m'buku.

Muziyeza pokhapo pomwe makungu onse awiri akuoneka ngati mizere yakuthwa. Pomwe mpeni wadula mopendeka khungu limaoneka ngati utsi, pamenepo mudumphe. EM nayo ili ndi chilema chake: mukuona kagawo kamodzi kopyapyala ka selo lakufa, simungadziwe zomwe zili pamwamba kapena pansi pake, kapena ngati kukhudzanako kunali kwa sekondi imodzi. A FIB-SEM amasenda selo lonse pang'onopang'ono nkulimanganso pa kompyuta, koma zimenezo tizingowerenga. Ife mankhwala athu ndi kuchulukitsa: mitochondria yambiri, maselo ambiri, masiku atatu osiyana. Ndi ntchito yotopetsa khosi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chomaliza, ndipo ichi sindinyengerera: woyeza asadziwe kuti chithunzi ichi ndi cha poizoni kapena ayi. Ine ndinadzigwirapo ndekha dzanja likutalikitsa mzere pa chithunzi chomwe ndinkachifunira zabwino.

aBanda
Ngati ya ku South Africa ikanika, expansion microscopy ndi njira ina. Maselo amaikidwa mu gel yotupa ndi madzi, zonse zimakula kanayi kapena kupitirira pang'ono, ndiye confocal yomweyo imaona cha m'ma nanomita 70. Sikufika pa 30, koma kuchotsa chikasu chabodza chambiri.

aSakala
Ndipo ngakhale EM itaonetsa kuti zayandikana, wina adzafunsa kuti nanga kashiamu akuwolokadi? Koma limenelo likhale la PhD.

aTembo
Ndabweranso patatha masiku awiri. Ndachita zonse zomwe aZulu ananena. Pa kagawo kamodzi ka z kusiyana kuja kwachepa kwambiri. Nditatembenuza channel madigiri 90, maselo a poizoni akadali ndi Manders wokwera kuposa a DMSO, kutanthauza kuti chikasu chambiri chinali cha kupanikizana. M'mphepete mwa maselo kusiyana kulipo kakang'ono, koma ndi mbale ziwiri za tsiku limodzi sindingalumbirirepo. Maselo a poizoni ndi aang'onodi pa kukula. Osapakidwa utoto aja akuwala okha pang'ono mu channel yobiriwira pa gain yomwe ndinagwiritsa, aSakala munalasa.

Ndinapita kwa ondiyang'anira ndi zithunzi zotembenuza zija, mtima uli phaphapha. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anafunsa kuti mnzawo wa Amayi Nambewe angalandire mabuloko angati. Tagwirizana kuti zomwe zilipo ndilembe monga zilili: aflatoxin B1 pa mlingo uwu imakhwinyatitsa maselo, imadula mitochondria ndi kuiunjika pa nucleus. Mawu oti kukhudzana sadzalowa m'mutu umenewo. Pa ulendo wotsala ndikhala milungu itatu kwa achimwene anga ku Lusaka, ndibzale maselo katatu masiku osiyana, milingo iwiri ya poizoni, wochepa ndi uja wakale, maola 6 ndi 24. PLA ndiisiya, ndalama sikwana zonse ziwiri.

aZulu
Mwasankha bwino. Popeza mudzakhala pafupi ndi confocal, bwerezaninso zithunzi pa mbale zina za tsiku lomwelo: gain imodzi kwa onse, channel iliyonse payokha motsatizana, pinhole pa 1 Airy unit, ndipo mujambule timikanda towala mitundu yonse kuti tione ngati chofiira ndi chobiriwira zikugwera pamodzi pa makinawo. Mubzale maselo motalikirana kuti asakwerane. Zikagwirizana ndi EM zidzalimbikitsana, zikasemphana ndiye muli ndi nkhani yolemba.

Amayi Nambewe
Mabuloko asanu ndi anayi angathe, wanena choncho. Kuposa apo ayi. Ndiye pa EM tengani maola 6 okha: DMSO, mlingo wochepa, mlingo waukulu, katatu. Za maola 24 zitsale pa confocal. Ndipo zonse zomwe zakhudza aflatoxin muziviike mu bleach musanataye, si chinthu chosewera nacho, khansa ya chiwindi imayambira pomwepo.

Machubu musalembe kuti control kapena AFB1. Wina alembe manambala osokoneza, asunge pepala, inu musalione mpaka mutamaliza kuyeza chithunzi chomaliza.

aNaphiri
Pepalalo ndisunga ine. Achimwene anu a ku Lusaka alembe manambalawo, aike mu envelopu, amate, mubwere nayo kuno. Ndikaitsekera mu kabati ya mayeso, kiyi imakhala pakhosi panga. Malipiro anga ndi chithunzi chimodzi cha EM chooneka bwino, chosindikiza pa pepala lalikulu, ndikapachike m'kalasi.

aTembo
Zatheka asisi. Amayi, buffer ija ndikonze ya phosphate, cacodylate kulibe. pH ndiike pa 7.4?

Amayi Nambewe
7.2 mpaka 7.4. Muyeze ndi mita, osati kapepala. Ndipo muwauze a ku EM kuti ndi phosphate, kuti akatsuke bwino asanathire uranyl, apo ayi zithunzi zidzabwera ndi timadontho takuda ngati mwawaza tsabola.